Gawo la Mwana wa Raya

Kwathu kuno pachilumba cha Pemba, munthu akamwalira n'kusiya munda, abale amayamba alira, kenako amayamba kuyang'anana cham'mbali, ndipo pomaliza amapita kwa a Maalim Shaame. A Maalim anali mphunzitsi wa madrasa amene anamera imvi akugawa chuma cha akufa. Chuma chathu ndi mikarafuu, mitengo yobereka karafuu wonunkhiritsa zakudya, ndipo mkarafuu sudulidwa pakati ngati papaya. Buku la malamulo a Chisilamu likati mkazi wamasiye atenge gawo limodzi mwa magawo eyiti, mayi wa malemu atenge limodzi mwa sikisi, pamafunika munthu woti apeze nambala imene magawo onsewo angalowemo bwinobwino, aliyense n'kuchoka ndi mitengo yathunthu. Ntchito ya a Maalim inali imeneyo. Ankayala mkeka pakhonde, n'kuthirapo karafuu wouma, n'kumasuntha timitu take ndi chala, mulu uwu apa, mulu uwu apo, mpaka zitatheka. Anthu odana ankachoka pakhondepo akudanabe, koma opanda chonena.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Raya. Pamene Raya ankakwatiwa ndi Mbaruku, mnyamata wofatsa wosoka zovala pamsika, a Maalim anampatsa munda umene anaubzala okha ali ndi mphamvu, mikarafuu 72. A Mzee Faki, amalume ake a mkwati, munthu amene pakamwa pake sipamapuma ngakhale mumzikiti, anafunsa pamaso pa anthu kuti kodi mbande zinathera panjira, popeza munthu wabwinobwino amabzala 70 kapena 100. A Maalim anayankha monyadira kuti 72 ndi nambala yamtendere: uigawe pawiri itheka, patatu itheka, panayi, pasikisi, paeyiti, paliponse imatuluka yathunthu. Anati tsiku lina Raya atakalamba, mano atatha m'kamwa, ana ake sadzatukwanana chifukwa cha mtengo.

Raya anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Bambo, anzanu amapatsa ana awo ndolo zagolide paukwati. Inu mukundikonzera maliro?"

Anthu anaseka nawo, ndipo a Maalim anaseka kuposa onse. Palibe bambo amene amabzala mitengo akuganiza kuti adzaigawa yekha.

Raya anamwalira pobereka mwana wake woyamba, masana dzuwa likuswa mtengo, pakachipatala ka kumsewu. Magazi anakana kusiya. Mbaruku anali atamutuma panjinga yamoto kuti akatenge abale ake odzapereka magazi, ndipo pamene ankabwera nawo anapeza nsalu ataikoka kale mpaka kumutu. Mwanayo anali wamwamuna. Anamwino anati anabadwa wakufa. Anamukulunga m'chitenje n'kumuika pambali, iwo n'kulimbana ndi mayi amene ankaoneka kuti mwina angapulumuke.

Mayi ake a Raya, Bi Riziki, ndiwo anali m'chipindamo. Zimene anauza amuna awo pakhomo la chipatala, akuwakoka malaya ngati mwana, zinali izi: anamwino atamuphimba Raya n'kutuluka kukaitana dokotala, iwo ananyamula kamtolo kaja kuti aone nkhope ya mdzukulu wawo, ndipo mwanayo analira. Analira kamodzi kokha. Anakuwa, namwino anabwera chothamanga, anaika chomvera chake pachifuwa pa mwana, n'kupukusa mutu. Anawauza mwaulemu kuti chisoni chimamvetsa munthu zinthu zimene kulibe.

A Maalim anamva, koma mutu unali utaima. Maliro athu sagona, dzuwa linali litapendeka, amuna anali atayamba kale kukumba. Anakhulupirira namwino chifukwa ndiye anali ndi chomvera. Anauza akazi awo kuti asatchule nkhaniyi kwa Mbaruku, mnyamata wasenza kale zokwanira. Mwana wobadwa wakufa amasambitsidwa n'kuvekedwa sanda, nsalu ya maliro, koma saswaliridwa, ndiye kuti sachitiridwa swala, pemphero la maliro. Choncho anthu anaima m'mizere n'kuswalira Raya yekha, ndipo a Maalim ananyamula mdzukulu wawo m'manja mwawo n'kukamuika pafupi ndi mayi ake, popanda swala, popanda dzina.

Sadaka ya maliro itatha, nthawi yogawa inakwana. Inali nyengo yothyola, mudzi wonse ukununkhira, ndipo mikarafuu ya Raya inabereka mopanda manyazi, nthambi mpaka kuwerama. A Mzee Faki anayamba kudutsadutsa pakhomo, akuti akungopereka moni, koma maso ali kumunda. Anthu ena anati a Maalim aitane shehe wa mudzi wina, popeza munthu sagawa chuma chimene iye mwini ali nacho gawo. Koma a Faki omwewo anakana, anati shehe wachilendo amafuna mpunga wa nyama ndi ndalama ya ulendo, pamene a Maalim sananamizepo munthu chibadwire.

M'mawa wina a Maalim anayala mkeka wawo, nawerenga timitu 72. Masamu ake anali osavuta, moti mwana wa madrasa akanawatha. Mkazi akamwalira wopanda mwana, n'kusiya mwamuna ndi makolo onse awiri, mwamuna amatenga theka, bambo limodzi mwa magawo atatu, mayi limodzi mwa sikisi. Mbaruku 36, a Maalim 24, Bi Riziki 12. Kugawa kumeneku ankakukonda kuposa kwina kulikonse. Ankakonda kuvutitsa nako ana, kuwauza kuti apeze magawo atatu osiyana, lililonse limodzi mwa akutiakuti, oti akawaphatikiza adzaze chinthu chonse ndendende. Ana ankatuluka thukuta mlungu wathunthu, ndipo yankho linali limodzi lokhalo: theka, limodzi mwa atatu, limodzi mwa sikisi. Silisiya kanthu, silipereweranso. Tsiku limenelo anayang'ana milu itatuyo n'kudana nayo chifukwa cha kukwanira kwakeko.

Bi Riziki ankayanika karafuu wamuwisi pabwalo. Anabwera akupukuta manja m'chitenje n'kuima pamwamba pawo.

"Uwu ndi wa ndani?"

"Wa Mbaruku. Uwu wanga, uwu wanu."

"Nanga wa mwana uli pati?"

A Maalim anayankha maso ali pamkeka. Anati mwana amalowa m'chuma ngati anabadwa wamoyo, ndipo chizindikiro chake n'kulira. Anati pankhani zoona akazi okha, buku limafuna mboni zinayi.

"Zinayi," anatero Bi Riziki. "Ndiye mwana akafuna kulira azidikira kaye kuti akazi akwane anayi? Abambo a Raya, ine ndinali ndekha chifukwa enawo anali atapita kukaitana dokotala. Ndikanawatenga kuti akazi anayi?"

"Si ine ndinalemba buku, amayi a Raya."

"Chabwino. Ndionetseni mmene zikanakhalira akanakhala kuti akazi anakwana."

Akanatha kukana, koma chala chinali chitazolowera. Anasakaniza milu ija n'kuyambiranso. Pakakhala mwana, mwamuna amatsika pa theka n'kutenga kota, 18. Bambo limodzi mwa sikisi, 12, mayi chimodzimodzi, 12. Yotsala yonse, 30, ndi ya mwana. Ndiye popeza mwanayo naye anatsatira mayi ake, 30 yakeyo igawidwanso: agogo ake akuchikazi atenge limodzi mwa sikisi, mitengo isanu, yotsalayo ipite kwa bambo ake. Nayonso inatuluka yathunthu, popanda kudula mtengo. Nambala yamtendere ija inali itakonzekera ngakhale zimenezi.

Bi Riziki sanapite patali ndi sukulu, koma kuwerenga milu ankatha. Anayang'ana kwa kanthawi.

"Ndiye kuti mdzukulu wanu akakhala kuti sanapume, inu mukupindula mitengo 12."

Anabwerera kukayanika karafuu wawo. Mawu amenewo anawalasa a Maalim, ndipo anawalasa dala, pakuti Bi Riziki ankadziwa bwino kuti amuna awo sakanagulitsa chilungamo ndi mitengo. Munthu wosweka mtima amaponya chilichonse chimene chili pafupi. Chimene a Maalim ankaopa chinali china. Ngati mwanayo analira, ndiye kuti anali munthu, Msilamu wathunthu, woyenera mizere ya anthu ndi dzina. Ndiye kuti iwo, amene anaphunzitsa mudzi wonse malamulo a maliro, anamukwirira mdzukulu wawo yekhayo mwakachetechete ngati chinthu chochititsa manyazi. Ankakumbukira kupepuka kwake m'manja. Sankafuna kuti zikhale zoona, ndipo buku linkawalola kuti zisakhale zoona.

Panalinso Mbaruku. Mnyamatayo sanasiye kubwera kwa apongozi ake. Tsiku lililonse potseka shopu ankadzera pakhomo ndi kansomba kapena mikate, n'kukhala pakhonde osanena zambiri. Anali ataonda, kofiya ikuchita kumira m'mutu. Tsiku lina akumwa tiyi anayamba yekha kulankhula za njinga ija, kuti tayala linaphwa pamlatho, kuti mchimwene wake anachedwa kufunafuna nsapato.

"Chimene chimandigonetsa tulo, bambo, n'chakuti mwanayo sanandidikire. Anapita ndisananyamuke n'komwe, sanadziwe kanthu. Zikanakhala kuti anafika, n'kundifuna, ine ndili pamsewu kupopa tayala, sindikudziwa kuti ndikanakhala bwanji."

A Maalim anamuwonjezera tiyi. Kuseri kwa chitseko anamva mapazi a akazi awo akuchoka pang'onopang'ono kupita kukhitchini. Anadziuza kuti nkhani yatha: lamulo lili mbali yawo, chifundo chili mbali yawo, ndipo milu ikhala itatu.

Bi Riziki sanakanganenso nawo. Poyamba a Maalim anayamika Mulungu, koma posakhalitsa anaona kuti bata limeneli silabwino. Mayi amene ankadziwa ndi khutu lokha kuti mpunga wapsa, amene ankazindikira mwana aliyense wa pamudzi ndi kakhosomoledwe kake, anayamba kufunsa amuna awo ngati azana yoitanira anthu kumzikiti yaitanidwa kale, pamene yangomveka kumene. Wina akagogoda ankakhala kaye phee, kudikira kuti wina atsimikize. Tsiku loti mawa lake ndi logawa, akusankha mpunga palichero, analankhula ngati akunena za mtengo wa sopo.

"Mwina anamwino aja ananena zoona. Mwina linali bedi lija, limalira ukalitsamira. Kapena mphaka panja. Inu ndinu ophunzira, mukanakhala kuti mukundikhulupirira mukananena. Ndakalamba, mutu wayamba kundinamiza."

"Musatero, amayi a Raya."

"Ayi, ndi bwino choncho. Kungoti ndinkati ndili ndi kanthu kamodzi ka mdzukulu wanga. Ena amasunga kamalaya, ine ndinali ndi kamawu kaja. Koma ngati linali bedi, basi, linali bedi."

Anapitiriza kusankha mpunga. A Maalim anakhala nawo zaka zonsezi, ndipo sanawamvepo akunama, ngakhale bodza laling'ono lokanira mlendo shuga. Tsopano ankawaona akudzinamiza okha kuti m'nyumba mukhale mtendere, ndipo amene anawaphunzitsa bodzalo anali iwo, ndi kukhala chete kwawo. Imfa inawalanda mayiwa mwana ndi mdzukulu tsiku limodzi. Chotsala chokhacho ankawalanda ndi amuna awo. A Maalim anachita manyazi aakulu, ndipo anazindikiranso kuti chiyambire pakhomo la chipatala paja anali asanakayikepo n'kamodzi komwe kuti mwanayo analira.

Mawa lake, itatha swala ya masana, amuna anakhala pakhonde. Panali a Mzee Faki, Mbaruku, ndi akuluakulu awiri a mumzikiti odzachitira umboni. Akazi anakhala m'nyumba kuseri kwa nsalu ya pakhomo, mmene amakhalira. A Maalim anayala mkeka, natchula dzina la Mulungu, n'kuyamba kusuntha timitu. Kamutu kena kanagwera pansi n'kutoledwa ndi mmodzi wa akuluakulu aja.

A Faki anasuzumira n'kuseka. "Maalim, ukalamba wakupezani. Olowa chuma ndi atatu, inu mwaunjika milu inayi. Kapena winawo ndi wanga, wa vuto loyenda?"

"Wachinayiwo ndi wa mwana," anatero a Maalim. "Mwana wa Raya anabadwa wamoyo. Analira m'manja mwa agogo ake, mayi ake atamwalira kale, kenako anawatsatira."

Mmodzi wa akuluakulu anakonza kukhosi n'kufunsa mwaulemu za mboni, popeza onse ankadziwa zimene anamwino ananena. A Maalim anati mboni zinayi zimafunika pamene pali wotsutsa. Anati aliyense ayang'ane milu: mkamwini sakutaya kanthu, mayi sakutaya kanthu, wotaya ndi iwo okha, ndipo iwo sakutsutsa. Anati mkazi wawo anawauza tsiku lomwelo, maliro asananyamuke, koma iwo anamutseka pakamwa. Anapempha kuti ikatha swala ya madzulo anthu apite nawo kumanda akaime m'mizere, amuswalire mwanayo mmene anayenera kuchitira poyamba.

Anagawa mulu wa mwana uja, isanu kwa agogo, 25 kwa bambo, n'kukankhira zonse za Mbaruku patsogolo pake. A Faki milomo inkayenda, ndipo atapeza kuti 18 ndi 25 ndi 43 osati 36, nkhope inawala. Anatsegula pakamwa kuti ayamikire chilungamo cha a Maalim, koma atayang'ana mphwawo anatsekanso. Kamodzi kokha pa moyo wawo anadziwa kukhala chete.

Mbaruku sanakhudze muluwo. Ankauyang'ana ngati sakudziwa kuti karafuu n'chiyani. A Maalim ankadziwa chimene amuchita mnyamatayo. Anali atamulanda chinthu chokhacho chimene chinkamugonetsa tulo kuti abwezere akazi awo chawo, ndipo panalibe nambala, ngakhale 72, imene ikanagawa zimenezi aliyense n'kutuluka wathunthu.

"Ndiye kuti anafika," anatero Mbaruku chapansipansi. "Ine ndili pamlatho."

"Anafika, mwananga. Tikufunika dzina lake tisanapite kumanda. Ndiwe bambo ake."

"Palibe anamuitanira azana kukhutu?"

"Palibe. Nthawi inachepa."

Mbaruku anagwedeza mutu kangapo, ngati munthu amene akuvomera mtengo wa nsalu. Kenako anadzuka, n'kudutsa pakati pa akuluakulu aja, n'kukagwada pafupi ndi nsalu ya pakhomo. Mkamwini safika pamenepo pamaso pa anthu, koma palibe anamuletsa.

"Mayi, muli pomwepo?"

"Ndili pano, mwananga."

"Analira bwanji?"

A Maalim anaopa kuti achedwa, kuti akazi awo afika pokhulupirira za bedi zija. Akazi ena m'nyumbamo anayamba kufwenthera. Kenako kunamveka kamawu, kotuluka pakhosi pa mayi wokalamba koma osati ka mayi wokalamba, kakang'ono, kosasa, kodukira panjira ngati ka kamwana ka mbuzi kongobadwa kumene. Sikanatalike. Munthu wotsokomola nthawi imeneyo sakanakamva.

A Maalim anaphimba nkhope ndi manja awo onunkhira karafuu. Aka kanali koyamba kumumva mdzukulu wawo, ndipo analira mosabisa pamaso pa anthu amene anawaphunzitsa ali ana.

Mbaruku anasendeza khutu pansalu.

"Bwerezaninso, mayi."

Bi Riziki anabwereza. Mnyamatayo anapempha kachitatu, kenako kachinayi, ndipo mayiwo anabwerezabe osatopa, pakuti china cha mwana wake choti amupatse panalibe.